MBIRI YA MAU AKURU A M'WAILESI, NDI CIFUKWA CACE AMABWERA NDI KUSOWA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

Masiku onse ndimadza kwa inu ndi nkhani za mbeu, za manyowa ndi za akalozera. Lero ndapatuka pang'ono, koma sindinapite kutali ai, pakuti nkhani yanga ikhudza ndalama zomwezo zimene mumazipeza ndi khasu.

M'mwezi wa July caka catha ndinafika pa mudzi wina kukaona nkhokwe, ndipo ndinapeza mlandu pakhomo pa mfumu. A mfumu atagulitsa fodya wao anagula wailesi ya masipika awiri, pamodzi ndi bokosi lacitatu lotulutsa mau akuru. Ku sitoro wailesiyo inalira bwino, ng'oma zace zinamveka mpaka m'cifuwa. Koma kunyumba inayamba cibwana. Tsiku lina imalira monga inalirira ku sitoro. Tsiku lina ng'oma zimasowa, kutsala timau topyapyala ngati ta nkhululu. A mfumu anati waiononga ndi mwana wa mlongo wao, cifukwa ndiye amaigwiragwira. Mnyamatayo anakana kwa mtu wa galu. Mai wace analowapo, ndipo nkhani inakula kufikira abale analeka kudyera pamodzi. Ena anayamba kunong'ona kuti m'nyumbamo mwalowa mankhwala.

Ndinakhala nao madzulo awiri. Wailesi inalibe cirema, ndipo mnyamata analibe mlandu. Cimene tinapeza ndikuuzani pa mapeto. Poyamba ndifuna mumve mbiri ya mau akuruwa, pakuti bvuto la a mfumu aja si lacilendo. Akatswiri a ku maiko akutali analimbana nalo zaka pafupifupi 100, ndipo pa ciri conse cimene anapeza pali phunziro kwa munthu amene ali ndi wailesi m'nyumba mwace lero.

MAU AKURU NCIANI?

Ndikati mau akuru ndirikunena mau a ng'oma yaikuru, a babatoni, a bingu lakutali, ndi a amuna aja oima kumbuyo m'kwaya amene timati ayimba besi. Mau onse ndi kugwedezeka kwa mpweya. Ikani dzanja pa cikopa ca ng'oma ikangoombedwa, mudzamva cirikunthunthumira. Cikopa cikagwedezeka msangamsanga mau amacepa ndi kukwera. Cikagwedezeka mocedwa mau amakula ndi kutsika. Ndico cifukwa cace oomba ng'oma amamata phula pakati pa cikopa pofuna mau akuru, ndipo amaiwamba pamoto pofuna kuti ikwere.

Khutu la mwana limamva kuyambira pa kugwedezeka kwa maulendo 20 pa sekondi imodzi kufika pa maulendo 20,000. Mau akuru ndi amene ali pansi pa 200 kapena pafupi pamenepo. Mau amayenda mu mpweya ngati mafunde a pa nyanja, mamita 343 pa sekondi. Funde la mau ang'ono, a maulendo 1,000, ndi lalifupi, masentimita 34 okha. Koma funde la mau a maulendo 50 litalika pafupifupi mamita 7, kuposa cipinda cimene mugonamo. Sungani cimeneci, pakuti mabvuto ambiri a mau akuru acokera pa kutalika kumeneku. Funde lalitali lifuna cinthu cacikuru colikankha, ndiponso mphamvu zambiri. Onani babatoni ndi cimimba cace, pamene banjo ndi kakang'ono.

GALAMAFONI YOSAMVA NG'OMA

M'caka ca 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba ogwira mau ndi kuwabwezanso. Patapita zaka 10, m'caka ca 1887, Emile Berliner anapanga galamafoni, kholo la magalamafoni oyimba mbale aja amene akuruakuru a m'mudzi akuwakumbukira. Masiku amenewo pojambula nyimbo panalibe magetsi. Oyimba amaunjikana pakamwa pa cilipenga cacikuru, ndipo mphamvu ya mau ao yokha ndiyo imagwedeza singano yolemba timizere pa phula. Singanoyo imamva mau a pakati okha, kuyambira pa maulendo 250 kufika pa 2,500 kapena pafupi pamenepo. Mau akuru amapita padera. Coyimbira cacikuru ca zingwe, cimene mwini amaciyimba ataimirira, sicimamveka konse, kotero m'malo mwace amaikapo lipenga lalikuru la mkuwa lochedwa tuba. Ng'oma yaikuru amaiika kutali kapena kuicotsa kumene, kuopa kuti ikagunda singano ingalumphe.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1925, pamene makampani a Victor ndi Columbia anayamba kujambula ndi maikolofoni ndi magetsi, mwa njira ya akatswiri awiri, Joseph Maxfield ndi Henry Harrison. Tsopano mau akuru analowa m'mbale. Koma magalamafoni akale a malipenga afupiafupi analephera kuwatulutsa. Caka comweco a Victor anayamba kugulitsa galamafoni yochedwa Orthophonic Victrola, ndipo yaikuru yace inali ndi lipenga la mamita pafupifupi 2, lopindidwa m'kati mwa kabati.

Panabuka bvuto lina. Mau akuru amagwedeza singano kutali uku ndi uku, ndipo kamzere kace kamadya malo ambiri pa mbale, monga mizere yotalikirana imadyera munda. Tsono ojambula amacepetsa dala mau akuru polemba mbale, kuti makina a m'nyumba adziwakuzanso poyimba. Coipa cace cinali cakuti kampani iri yonse inali ndi muyeso wacewace. Munthu amaika mbale ya kampani ina, namva ng'oma zokoma. Akaika ya kampani ina pa makina omwewo, ng'oma zasowa kapena zacuruka. Anthu amadandaula monga anadandaulira a mfumu aja. M'caka ca 1954 ndi pamene makampani a ku America anapangana muyeso umodzi, wodziwika ndi zilembo za RIAA.

Phunziro loyamba ndi ili: nyimbo sizifanana. Lero m'foni imodzi muli nyimbo zojambulidwa m'malo osiyanasiyana, ina m'nyumba yojambulira yeniyeni, ina m'chalichi ndi foni ya m'manja. Wailesi singatulutse ng'oma imene sinalowe pojambula. Cifukwa cace poyesa wailesi sankhani nyimbo imodzi imene muidziwa bwino, ndipo muyesere yomweyo nthawi zonse.

SIPIKA NDI BOKOSI LACE

Caka comwe cija ca 1925, Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku kampani ya General Electric analongosola sipika ya mtundu umene uli m'wailesi zathu kufikira lero. Kapangidwe kace nkosabvuta. Pali cipepala colimba cooneka ngati licero, kumbuyo kwace kuli kawaya kokulunga, ndipo kawayako kali pakati pa maginito. Magetsi akadutsa m'kawayamo licero limapita kutsogolo ndi kumbuyo, nilikankha mpweya. Mau akatsika ndi theka, tinene kucoka pa maulendo 100 kufika pa 50, licero liyenera kuyenda mtunda woposa kanai kuti mau amveke mofanana. Apa ndi pamene muonera kuti mau akuru ndi nchito yolemetsa.

Akatswiriwa anaonanso kuti sipika yamariseche, yopanda cochinga, iribe mau akuru. Yesani kukankha madzi a m'dziwe ndi licero pang'onopang'ono: madzi amangozungulira m'mbali nabwerera kumbuyo kwa licero, osapanga funde. Mpweya umacitanso cimodzimodzi. Wa kutsogolo umathamangira kumbuyo, ndipo funde lalitali limafa lisanabadwe. Mankhwala ace anali kuika sipika pakati pa thabwa lalikuru, ndipo pambuyo pace m'bokosi, kuti kutsogolo ndi kumbuyo kusakomane.

M'caka ca 1932 Albert Thuras wa ku Bell Telephone Laboratories analandira cikalata ca umwini pa bokosi la bowo. Bowolo analiyesa bwino kukula kwace, kotero kuti mpweya wa kumbuyo umatuluka pa nthawi yace nuthandiza wa kutsogolo m'malo molimbana nao. Mabokosi ambiri a m'sitoro lero ndi a mtundu umenewu. M'caka ca 1954 Edgar Villchur, wa ku America yemweyo, anatenga njira ina. Iye anatseka bokosi ndithu, kuti mpweya wa m'kati ukhale ngati mtsamiro wobweza licero, ndipo kabokosi kakang'ono kanatulutsa mau akuru amene kale amafuna cikabati. Sipika yace yoyamba inachedwa AR-1.

Pamenepa pali maphunziro awiri. Loyamba likhudza bokosi. Bokosi la bowo lifuna bowo lace likhale lotseguka. Mabvu akamangamo nyumba, kapena mwana akaponyamo cisononkho, kapena mukaligunditsa kukhoma, mau akuru adzasintha. Bokosi lotseka lifuna likhale lotseka; likang'aluka kapena cinyontho cikafutukula matabwa ace, mtsamiro uja watha. Onaninso mkombero wofewa wa m'mphepete mwa licero, pakuti umafumbwa ndi ukalamba, ndipo mphemvu ndi makoswe amaudya.

Laciwiri likhudza mawaya. Sipika iri yonse iri ndi polowera waya pawiri, pofiira ndi pakuda. Mukatembenuza mawaya a sipika imodzi, pamene inzace irikukankha mpweya iyo irikukoka. Ziri ngati kumanga ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ina kuyang'ana kumunda ina kumudzi. Mau a anthu adzamvekabe, koma ng'oma zidzasowa. Kuyesa kwace nkwapafupi. Yang'anitsani masipika awiriwo maso ndi maso moyandikana, yimbani nyimbo yanu ija, zimitsani, tembenuzani mawaya a sipika imodzi yokha, ndipo yimbaninso. Pamene ng'oma zamveka kwambiri ndi pamene pali polondola. Waya wolumikiza mopotokola ndi manja, kapena wa dzimbiri, nayenso amacititsa mau kubwera ndi kusowa akagwedezeka.

KHUTU NALONSO LIRI NDI KHALIDWE LACE

M'caka ca 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, a ku Bell Telephone Laboratories, anafalitsa zimene anapeza atayesa makutu a anthu. Anapeza kuti khutu silimva mau onse mofanana. Phokoso likacepa, mau akuru ndiwo amayamba kuzimirira, pamene mau a pakati, monga a munthu wolankhula, amamvekabe. Cifukwa cace wailesi imene masana mwaikweza idzamveka ya ng'oma zambiri, ndipo usiku mukaicepetsa kuti ana agone idzamveka ngati yaonda. Wailesi sinasinthe, khutu ndilo litero. Opanga mawailesi atadziwa zimenezi anayamba kuikapo batani lolembedwa kuti Loudness, loonjezera mau akuru pamene mwacepetsa phokoso. Ngati wailesi yanu iri nalo, dziwani kuti wina akalidina inu osaona, mau adzasintha. Poyesa wailesi lembani kacizindikiro pa batani lokwezera, kuti lero ndi mawa muyesere pa muyeso umodzi.

WAILESI YA KWATHU NDI BATIRE LACE

Tsopano tibwere kwathu kuno. Boma la Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, masiku a nkhondo. Nkhondo itatha nyumba ya mphepo imeneyo inakula niyamba kulankhula kwa anthu a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo cimodzi mwa zilankhulo zace cinali Cinyanja. Kumeneko ndi kumene kunamvekera nyimbo za Alick Nkhata. Koma mawailesi anali a mtengo wapatali, ndipo m'midzi munalibe magetsi. Harry Franklin, mkuru wa ofesi yofalitsa nkhani za Boma ku Lusaka, anafunafuna kampani yopanga wailesi yochipa, kufikira a Ever Ready a ku Britain anabvomera.

Wailesiyo inafika m'caka ca 1949. Inali yozungulira ngati sefuliya, mainchesi 9 kukula kwace, yopakidwa utoto wa buluu, ndipo anthu anaicha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace, lalikuru lokhazikapo wailesiyo, linali masheleni 25. Batirelo limatha maora ngati 300. Agogo athu amene anamvera wailesi imeneyi anazolowera zinthu ziwiri. Coyamba, mau amakwera ndi kutsika okha, makamaka usiku, cifukwa mafunde a wailesi ocokera kutali amayamba agunda kumwamba ndi kubwerera pansi, ndipo kumwambako sikukhazikika. Caciwiri, batire likayamba kutha mau amafooka ndi kusasa. Iwo samati wina waononga wailesi. Amadziwa kuti yafika nthawi yogulitsa nkhuku.

Dziko la Malawi linakhala ndi nyumba yaceyace ya mphepo, Malawi Broadcasting Corporation, m'caka ca 1964. Mawailesi asintha kwambiri kucokera masiku amenewo, koma nkhani ya batire sinasinthe. M'nyimbo zambiri za ng'oma, mau akuru ndiwo amadya gawo lalikuru la mphamvu. Batire likafooka, munthu wowerenga nkhani adzamvekabe bwino, koma ng'oma ikagunda wailesi imapempha mphamvu imene palibe, ndipo mau amaphwanyika kapena kusowa. Inu amene muli ndi sola, batire la mavoti 12 likadzaza ndi kupuma limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo likafika pa 12.2 latha kale theka. Ngati mulibe coyesera, yang'anani babu wolumikizidwa ku batire lomwelo. Akamaphethira pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma, ndiye kuti batire lafooka, kapena waya wocokera ku batire ndi woonda ndi wautali, kapena pa mitu ya batire pamera dzimbiri.

CIPINDA NDICO NG'OMA YACIWIRI

Cinthu cotsiriza ndico cimene anthu ambiri saciganizira, koma ndico cacikuru koposa. Wailesi silira yokha. Imalira pamodzi ndi cipinda.

M'caka ca 1895 akuru a sukulu yaikuru ya Harvard ku America anapempha mphunzitsi wacinyamata, Wallace Sabine, kuti akonze cipinda cina cophunziriramo cimene mau amasokonezekamo, munthu polankhula osamveka. Sabine amagwira nchito usiku, kunja kuli zii. Amaliza citoliro, nawerenga ndi wochi nthawi imene mau amatenga kuti azimirire. Kenaka amasenza mitsamiro ya pa mipando kucokera m'nyumba ina, naiyala m'cipindamo, nayesanso. Anapeza kuti makoma olimba amabweza mau, zinthu zofewa zimawamwa, ndipo zenera lotseguka limawatulutsa osabwereranso. Nzeru zacezo anamangira nyumba yoyimbiramo ya Symphony Hall mu mzinda wa Boston, imene inatsegulidwa m'caka ca 1900 ndipo iripo kufikira lero.

Koma mau akuru m'kacipinda kakang'ono ali ndi khalidwe lina, cifukwa ca kutalika kwa mafunde ao kuja. Tengani beseni la madzi, muligwedeze pang'onopang'ono uku ndi uku. Mudzaona madzi alikukwera ndi kutsika kwambiri m'mphepete, koma pakati peni peni sakwera kapena kutsika. Mpweya wa m'cipinda umacita comweco pakati pa makoma awiri oyang'anana. Cipinda ciri conse ciri ndi mau ace amene cimagwedezeka nao, monga botolo liri ndi liu lace mukaliuzira. Kuwapeza kwace mugawa 343 ndi kutalika kwa cipinda kuwirikiza kawiri. Cipinda ca mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi cimagwedezeka pa maulendo 43 ndi pa maulendo 57. Tsono zingwe ziwiri zonenepa za gitala ya besi zimalira pa 41 ndi pa 55. Muona kuyandikana kwace. M'cipinda cotere munthu wotsamira khoma amamva besi yocuruka, wokhala pangondya amamva yogonthetsa m'khutu, koma wokhala pakati peni peni amamva ngati woyimba besi wapita kunyumba. Wailesi ndi imodzi, nyimbo ndi imodzi, koma anthu atatu adzakangana.

Malo oika bokosi naonso ali ndi mphamvu yomweyo. M'caka ca 1946 Paul Klipsch wa ku Hope, m'cigawo ca Arkansas, anayamba kupanga sipika yoyenera kuima pangondya pokha, kuti makoma awiri ndi pansi zikhale ngati kamwa la lipenga lace. Ngondya imakuza mau akuru. M'caka ca 1974 Roy Allison anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: mau obwerera kucokera ku khoma la pafupi akhoza kukomana ndi mau otuluka m'sipika nafafanizana. Sipika yoima mita imodzi kucokera ku khoma imafooka pa mau a maulendo ngati 86, pamene pali kugunda kwa ng'oma zambiri. Kuisuntha mapazi awiri okha kumasintha mamvekedwe ace.

Kwa ife a kumudzi zimenezi zitanthauza zambiri. Nyumba ya njerwa zoocha, ya simenti pansi, imasunga mau akuru ndi kuwabweza, pamene denga la udzu limawalola kutuluka. Malata osakhomedwa bwino amanjenjemera naonjezera phokoso limene siliri m'nyimbo. Citseko cotseguka ndi cotseka zimapatsa mau osiyana. Cipinda codzaza matumba a cimanga m'mwezi wa June sicilira monga cidzalirira m'mwezi wa January ciri mbee. Nsaru yopyapyala ya pa zenera imamwa mau ang'ono okha, mau akuru imawasiya, kotero musataye ndalama pa makatani poganiza kuti aciza kugunda. Ndipo inu mafumu, mukatulutsa masipika pabwalo tsiku la msonkhano mudzaona mau akuru acepa, cifukwa kunja kulibe makoma othandiza. Musakweze mpaka kuocha makina. Ikani bokosilo pansi, pafupi ndi khoma la nyumba.

MLANDU WA KWA A MFUMU

Tibwerere ku mudzi uja. Madzulo oyamba tinasankha nyimbo imodzi, tinalemba kacizindikiro pa batani, ndipo ndinapempha a mfumu kuti akhale pamene amakhala masiku onse. Anakokera mpando wao kukhoma. Ng'oma zinamveka bwino lomwe.

Ndinafunsa kuti, "Zikomo mfumu, kodi kukabwera alendo mumakhalanso pomwepa?"

Iwo anati, "Iai, a Mlangizi. Alendo ndiwo amatsamira makoma. Ine mpando wanga amauika pakati kuti ndione onse."

Tinauika pakati, ndipo ng'oma zinasowa pomwepo, wailesi osaikhudza munthu. A mfumu anaimirira, napita kukhoma, nabwerera pakati, katatu konse, osanena kanthu. Tsono mnyamata uja amaitanidwa kudzatsegula wailesi pa masiku a alendo okhaokha. Iye akafika, mpando umapita pakati. Umboni wonse womutsutsa unali umenewo.

Tsiku laciwiri kunaca ndi mitambo ya ciperoni, dzuwa osaoneka. Pofika 8 koloko usiku babu anayamba kuphethira pamodzi ndi ng'oma, ndipo ngakhale kukhoma kuja mau anaphwanyika. Batire linali laling'ono, ndipo masana linali litachaja mafoni a mudzi wonse. Tinapala dzimbiri pa mitu yace, tinafupikitsa waya, ndipo a mfumu analamula kuti tsiku la mitambo mafoni adzichajidwa owerengeka. Bokosi la mau akuru tinalipezera malo mwa njira iyi: tinaliika pa mpando wa a mfumu pakati paja, nyimbo irikulira, ndipo mnyamata uja anayenda cokwawa m'mbali mwa makoma kufunafuna pamene ng'oma zimveka zosalala, zosacuruka ndi zosasowa. Pamene anapapeza ndi pamene tinakhazika bokosilo, ndipo pa mpando paja mau anakhala bwino kuposa kale. M'mawa mwace a mfumu anatumiza tambala kwa mlongo wao.

ZOYENERA KUCITA MUSANATAYE NDALAMA

Pa munda wa citsanzo timasintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha mbeu, feteleza ndi tsiku lobzala zonse pamodzi, simudzadziwa cimene cakupatsani zokolola. Citani comweco ndi wailesi, ndipo yambani ndi zosalira ndalama.

1. Sankhani nyimbo imodzi, ndipo lembani cizindikiro pa mabatani onse, la phokoso ndi la besi lomwe.

2. Yendani m'cipinda monse nyimbo irikulira: kukhoma, pangondya ndi pakati. Ngati mau asintha ndi mapazi anu, wailesi iribe mlandu. Sunthani mpando kapena bokosi.

3. Yesani citseko ciri cotseka, yesaninso ciri cotseguka.

4. Yesani masana batire litadzaza, yesaninso usiku. Yang'anani babu.

5. Zimitsani wailesi, ndipo onani mawaya onse, wofiira pofiira, wakuda pakuda, opanda dzimbiri ndi osagwedera.

6. Onani bowo la bokosi, matabwa ace ndi mkombero wa licero.

Zonsezi zikalephera, pamenepo ndi pamene mupite kwa wokonza mawailesi, ndipo mumuuze zimene mwayesa kale, kuti asakugulitseni cimene simucisowa. Musatsegule nokha makina olumikizidwa ku magetsi a pa mzere kapena ku inveta, pakuti m'kati mwace mumatsala mphamvu yokhoza kupha munthu ngakhale mutazimitsa.

Kucokera pa makina a Edison a 1877 kufika pa zimene Allison anaonetsa mu 1974 papita zaka 97, ndipo nthawi yonseyo anthu ophunzira amadabwa ndi cinthu comweco cimene cinadabwitsa a mfumu aja. Cifukwa cace si camanyazi kudabwa naco. Camanyazi ndi kuweruza munthu musanasunthe mpando. Inu mafumu ndi anyakwawa, milandu ya zipangizo zotere iyamba kufika pa mabwalo anu, pakati pa abale ndiponso pakati pa wogula ndi wogulitsa. Ikafika, pitani m'nyumbamo mukamve ndi makutu anu, pa malo atatu aja, masana ndi usiku, musanagamule.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhokwe, kukamba za anankafumbwe. Tsalani bwino nonse.